Amene Amayendetsa Madzi a Kumudzi Amaphunzitsidwa Chiyani?

Ku Nzama, monga m'midzi yambiri ya Ntcheu, madzi akumwa sabwera ndi Central Region Water Board. Bungweli limatumikira anthu a pa boma ndi m'matauni. Midzi ya m'boma lino imadalira mijigo, ndipo ina imamwa m'mipopi ya madzi otsika okha kuchokera m'mapiri. Oyang'anira zonsezi ndi eni mudzi: alimi, amayi a geni, mwina mphunzitsi wopuma ntchito.

Kusiyira anthu akumudzi ntchitoyi si kwa lero. Mipopi yoyamba ya madzi otsika okha inaikidwa ku Chingale m'boma la Zomba mu 1968, anthu akukumba okha ngalande za mapaipi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, m'chigwa cha Livulezi konkuno ku Ntcheu, anayesa pampu yotchedwa Maldev, imene inathandiza kupanga Afridev yomwe ili pa mijigo yambiri lero. Afridev anaipanga kuti anthu wamba azitha kusolola zitsulo zake ndi kusintha marabala ndi mabushi popanda makina. N'chifukwa chake maphunziro a komiti ya mjigo amakonda kutsamira pa sipanala.

Komatu mjigo kawirikawiri umaima chifukwa cha ndalama. Rabala ikatha, wodziwa kuisintha alipo, koma m'thumba la komiti mulibe kanthu. Anthu anasiya kusonkha chifukwa sanauzidwe kumene zopereka za chaka chatha zinapita. Apa ndi pamene pafunika maphunziro a kayendetsedwe ka ntchito. Msungichuma aphunzire kulemba buku la ndalama zolowa ndi zotuluka, kupereka risiti ngakhale pa K200, ndi kuwerenga bukulo pamsonkhano wa mudzi. Komiti iphunzirenso kupeza msonkho woyenera powerengera, osati pongogwirizana chiwerengero chokoma m'khutu. Tiyerekeze kuti zipangizo, malipiro a mekaniki wa m'dera ndi zosungira ngozi zikukwana K300,000 pa chaka, ndipo mabanja omwa ndi 50. Ndiye kuti banja lililonse lipereke K500 pamwezi. Mukachotsera agogo ndi ana amasiye, zimene n'zoyenera, msonkho wa otsalawo uyenera kukwerako. Masamu ake ndi a ku pulayimale, koma popanda wowaonetsa ambiri sawachita.

Pa mipopi ikuluikulu nkhani imakula. Boma limalimbikitsa mabungwe a ogwiritsa ntchito madzi, otchedwa Water Users Association kapena WUA. Mu WUA mumakhala msonkhano waukulu wa nthumwi za m'midzi, bodi, komanso antchito olembedwa monga mapulambala ndi otolera ndalama. Ameneyu ndi kampani yaing'ono, ndipo imafuna bajeti, akaunti ya kubanki yosainira anthu angapo, ndiponso malire omveka: wa m'bodi asamatolere ndalama yekha, ndipo wotolera asamadziwerengere yekha.

Chitsanzo chili pafupi. Damu la Mpira m'boma lino limapereka madzi ku midzi yambiri ya Ntcheu ndi Balaka, kuphatikizapo tauni ya Balaka. Mu 2018 damuli linaphwa, mipopi n'kuuma. Mvula inali yochepa, inde, koma mitengo ya m'nkhalango ya Mvai yoteteza gwero la madziwo inali itadulidwa kwambiri, ndipo dothi linkakokolokera m'damu. Pulambala, ngakhale waluso chotani, sangalumikize paipi ku damu louma. Woyendetsa madzi ayenera kudziwa kukhala pansi ndi mafumu, a zankhalango ndi owotcha makala, komanso kuika kusamala gwero mu bajeti.

Za madzi oipa, kumudzi kulibe mapaipi a zonyansa, koma ntchito ilipo. Madzi otayika pa mjigo ayende m'ngalande mpaka m'dzenje la miyala, ziweto zisafike pachitsime, ndipo chimbudzi chisakumbidwe pafupi. Kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno, choncho komiti iyenera kudziwana ndi mlangizi wa zaumoyo ndi kudziwa nthawi yothira kolorini.

Kwa ife ophunzira za uphunzitsi, chodandaulitsa ndi kaphunzitsidwe kake. Nthawi zambiri komiti imaphunzitsidwa masiku ochepa mjigo ukangokumbidwa, basi. Pakapita zaka, wina wasamuka, wina wapita ku Joni, kwasankhidwa atsopano amene sanakhalepo m'kalasimo. Munthu wamkulu sagwira zinthu pongomvera wina akuwerenga pa pepala. Mpatseni buku lenileni, alembemo zopereka za mwezi watha, aphonye, akonze. Pa udindo uliwonse paphunzitsidwe anthu awiri, ndipo kukachitika chisankho, ofesi ya zamadzi ya pa boma ibwerenso kudzaphunzitsa olowa kumenewo asanalandire buku ndi makiyi.