Mfumu idaima pa chisanu masiku atatu

Mu Januwale 1077, anthu a ku Canossa, kumpoto kwa Italy, adaona malodza: mfumu ya Germany, Henry IV, itaima pachipata cha linga masiku atatu, yopanda nsapato, kunja kukuzizira koopsa. Inkapempha chikhululuko kwa Papa Gregory VII, yemwe adali m'katimo.

Gwero la mkanganowu lidali funso limodzi: woyenera kusankha bishopu ndani? Masiku amenewo bishopu sadali wa paguwa pokha. Ankayang'anira minda ikuluikulu, kutolera misonkho komanso kutumiza asilikali mfumu ikamapita kunkhondo. Munthu wotere mfumu ikadamusiya bwanji kuti asankhidwe ndi ena? Choncho mafumu ndiwo ankapereka mphete ndi ndodo ya ubusa, ndipo ena udindowu ankachita kugula.

Gregory adati zimenezi zithe. Zinthu zidafika poipa mu 1075 pomwe Henry adaika munthu wake kukhala arkibishopu wa Milan. Chaka chotsatira mfumuyo idauza Papa kuti atule pansi udindo. Papa naye adaichotsa mumpingo, ndipo akalonga a ku Germany adaiopseza kuti ailanda ufumu ikapanda kukonza zinthu. Ulendo wa ku Canossa udayambira pamenepo.

Papa adakhululuka, koma kulapako kudali kwa pakamwa chabe. Mu 1084 Henry adalanda Rome n'kukhazikamo papa wake, Clement III. Gregory adakafera ku Salerno mu 1085.

Mgwirizano udadza mu 1122 ku Worms. Mwana wake, Henry V, adasiyira mpingo mphete ndi ndodo, koma adaloledwa kumakhalapo posankha mabishopu a ku Germany.