Nyumba ya a Herman Wallace: zaka 41 m'kachipinda ka yekha

Tatengani chingwe muyeze pansi, mafiti 6 uku, mafiti 9 uku. M'kati mwa malo amenewo muikemo bedi lachitsulo, chimbudzi ndi kasinki. Pamene patsalapo mungaponde katatu kapena kanayi, basi mwagunda khoma. Mukatero mwaona malo amene bambo wina dzina lake Herman Wallace adakhala zaka 41, maola 23 pa tsiku, m'chigawo cha Louisiana ku America. Mnzawo, a Albert Woodfox, adalowa m'kachipinda kotere mu 1972 ndipo adatuluka mu 2016, pafupifupi nthawi yonseyo ali okhaokha. Sindidalakwitse kulemba ayi awerengi, ndi zaka zimenezo.

Ndende imene zidayambira izi imatchedwa Angola. Musasokoneze ndi dziko la anzathu lija, ngakhale dzinali amati lidachokera komweko. Malowo kale adali munda wa akapolo, ndipo amati ambiri mwa akapolowo adagwidwa ku Angola. Ukapolo utatha mundawo udasanduka ndende, maekala 18,000, mtsinje wa Mississippi utazinga mbali zitatu. Cha m'ma 1970 inkadziwika kuti ndi imodzi mwa ndende zankhanza kwambiri m'dzikolo. Akuda ankagona kwaokha, azungu kwaokha. Akaidi ena ankapatsidwa mfuti kuti azilondera anzawo, ndipo anyamata ongofika kumene ankagwiriridwa ndi kugulitsidwa ngati mbuzi pa msika.

A Wallace ndi a Woodfox sadali angelo, tisanamizane. Onse awiri adalowa pa milandu ya kuba moopseza ndi mfuti. Koma mu 1971 adayambitsa nthambi ya chipani cha Black Panther m'ndendemo, nayamba kuteteza anyamata aja ndi kulimbikitsa anzawo kudandaula za tsankho ndi ntchito yakalavulagaga. Pa 17 April 1972 msilikali wa ndende wa zaka 23, a Brent Miller, adapezeka atabayidwa mpaka kufa m'nyumba ina yogona akaidi. Mosakhalitsa awiriwa adawatsekera payekhapayekha, kenako khoti lidawapeza olakwa.

Umboni wake ndiye wodabwitsa. Pamalopo padapezeka chidindo cha chala chamagazi, koma sichidali cha a Wallace kapena cha a Woodfox, ndipo akuluakulu sadachifananize ndi zala za akaidi onse ngakhale adali nazo m'mabuku. Mboni yaikulu idali mkaidi mnzawo, a Hezekiah Brown. Patapita zaka zidadziwika kuti mkuluyu ankalandira katoni ya ndudu sabata iliyonse, ndiponso kuti wamkulu wa ndende adamuthandiza kupeza chikhululukiro. Munthu wachitatu, a Robert King, adafika ku Angola a Miller atafa kale, komabe naye adamuponya m'kachipinda, kenako mu 1973 adamupachika mlandu wopha mkaidi. Atatuwa ndi amene dziko lidadzawadziwa kuti Angola 3.

Kwa zaka zoposa makumi awiri palibe amene ankawakumbuka. Apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Ndende wamba imakhala ndi mboni: akaidi anzako amakuona, ena amatuluka n'kukanena kunja. Koma kachipinda ka yekha adakapanga dala kuti pasakhale woona. Chakudya chimabwera pa kabowo, ola limodzi lotuluka umayenda wekha, ndipo ukayamba kulankhula ndi khoma amene akumva ndi khomalo. A Woodfox adafotokoza m'buku lawo la Solitary, lomwe lidatuluka mu 2019, kuti nthawi zina ankaona ngati makoma akuwapanikiza, mpweya n'kuthawa, moti ankagona chokhala. Kuti mutu usazungulire ankawerenga mabuku a malamulo, ankasewera chesi pofuulirana ndi a m'zipinda zoyandikana, ndipo adaphunzitsa mkaidi mnzawo kuwerenga. A King ankaphika maswiti m'zitini za zakumwa, moto wake wa mapepala a kuchimbudzi.

Zinthu zidayamba kugwedezeka kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pamene mnzawo wakale wa Black Panther, a Malik Rahim, adazindikira kuti anthu aja akadali momwemo. Maloya ndi anthu ena akufuna kwabwino adalowererapo. Mu 2001 a King adatuluka atakhala payekha zaka 29, ndipo m'malo mokapuma adayamba kuyendayenda m'maiko kufotokoza za anzawo awiri otsala. Mmodzi mwa amene adagwidwa mtima ndi mayi Anita Roddick, mwini sitolo za The Body Shop ku Britain, amene adaikapo ndalama ndi dzina lawo mpaka pamene adamwalira mu 2007.

Wina amene adamva a King akulankhula ndi mtsikana wophunzira zaluso, Jackie Sumell. Iyeyu adayamba kulemberana makalata ndi a Wallace, ndipo tsiku lina adawafunsa funso looneka ngati lachibwana: kodi munthu amene wakhala zaka makumi atatu m'kachipinda kotere amalota nyumba yotani? Kunena zoona ine nditamva koyamba ndidakwiya. Munthu akuvutika, iwe m'malo momupezera loya ukumufunsa za makatani? Koma mkulu uja funsolo adalitenga ngati ntchito. Kwa zaka zingapo, m'makalata ndi pa lamya, adamanga nyumbayo chipinda ndi chipinda.

Tamverani zimene adaikamo. Kutsogolo maluwa, kuti mlendo aziyenda pakati pa maluwa chaka chonse. Kuseri dziwe losambiramo, pansi pake atajambulapo nyalugwe wakuda. Pakhoma zithunzi za anthu amene adalimbana ndi ukapolo, monga Nat Turner, John Brown ndi Harriet Tubman. Adaikamonso njira yobisika yothawira ndi chipinda cha pansi pa nthaka, poti munthu amene adatsekeredwapo sakhulupirira nyumba ya khomo limodzi. Ndipo bafa losambiramo adati likhale mafiti 6 ndi 9. Mwamva? Malo amene boma lidati ndi okwanira moyo wonse wa munthu, mwini wake adati amenewo ndi osambiramo chabe.

Nkhaniyi ndi imene mkulu wojambula makanema wa ku Canada, a Angad Singh Bhalla, adaisandutsa kanema wa Herman's House mu 2012. Vuto lidalipo: akuluakulu a ndende sadalole kamera kulowa. Wina akadasiya pomwepo, kapena akadalemba ganyu munthu woti azisewera ngati mkaidi. A Bhalla adangotenga mawu a pa lamya. Kanema yense simuwaona a Wallace akuyenda kapena akulankhula. Mumangomva mawu a mkulu wodekha, nthawi zina woseka, mpaka makina a ndende atadula foni. Woonera amayamba kulakalaka kuona nkhope, ndipo kulakalaka kumeneko ndiye phunziro lake, chifukwa achibale a mkaidi wotere amakhala choncho zaka ndi zaka. Kanemayu adaonetsedwa pa wailesi yakanema ya PBS mu 2013 ndipo adapata mphoto ya Emmy chaka chotsatira.

Zaka ziwiri izi zisanachitike, mu 2010, a Vadim Jean a ku Britain adatulutsa kanema wina, In the Land of the Free, wofotokoza wake ali katswiri wa zisudzo Samuel L. Jackson. Amene adaugwira mtima wanga m'nkhani imeneyi si katswiriyo ayi, koma mkazi wamasiye wa malemu Miller, mayi Teenie Rogers. Mwamuna wawo adaphedwa iwo ali mtsikana wa zaka 17. Kwa zaka zambiri ankakhulupirira zimene boma lidawauza. Ataona umboni adasintha maganizo, nanena poyera kuti sakukhulupirira kuti awiriwa ndiwo adapha mwamuna wawo. Si zapafupi zimenezi, chifukwa kuvomera choncho n'kuvomeranso kuti wakupha weniweni sadafunidwe n'komwe. Abale ena a malemuyo sadagwirizane nawo, ndipo sindingawanyoze. Maliro ndi maliro.

Tsono kanema adatulutsa munthu m'ndende? Ayi, tisawapatse ojambula ulemu umene si wawo. Amene adatsekula zitseko ndi majaji, ndipo pa zifukwa zimene munthu wamba angati n'zazing'ono. Pa 1 October 2013 jaji Brian Jackson adafafaniza chigamulo cha a Wallace chifukwa gulu la nzika limene lidavomereza kuti azengedwe mlandu lidasankhidwa mopatula amayi, zomwe n'zosemphana ndi malamulo. Nthawi imeneyo n'kuti khansa ya chiwindi itawatha kale. Adatuluka pa ambulansi. Patangopita masiku awiri boma lidawatsegulira mlandu womwewo kachiwiri, eti munthu ali pa bedi la imfa. Pa 4 October adatsikira kuli chete ali ndi zaka 71. Ufulu wa masiku atatu.

A Woodfox chigamulo chawo chidafafanizidwa katatu konse, mu 1992, mu 2008 ndi mu 2013, koma boma la Louisiana limangochita apilo kapena kuyambiranso mlandu. Yemwe adali wamkulu wa ndende ya Angola, a Burl Cain, adanena polumbira mu 2008 kuti ngakhale zitapezeka kuti a Woodfox sadaphe a Miller, sangawasakanize ndi akaidi ena poti akadali ndi mtima wa Black Panther. Pamenepa mkuluyu adaulula yekha kuti kachipindako sikadali ka mlandu wa 1972, kadali ka maganizo a munthu. A Woodfox adatuluka pa 19 February 2016, tsiku limene ankakwanitsa zaka 69, atagwirizana ndi boma kuti milandu yocheperako saivomera koma saitsutsanso. Mpaka imfa yawo pa 4 August 2022 ankanenetsa kuti sadaphe munthu.

Chimene makanema adachita n'chakuti apilo iliyonse ya boma inkachitika anthu akuyang'ana. Amnesty International idatolera masiginecha zikwizikwi, ndipo mu 2013 a Juan Méndez, amene panthawiyo adali nthumwi ya United Nations pa nkhani za kuzunza anthu, adati zimene a Woodfox akuchitiridwa ndi chizunzo basi. Loya amalimba mtima akadziwa kuti kunja kuli khamu, ndipo jaji naye ndi munthu, amawerenga nyuzipepala.

Komabe pali china chimandivuta ndi makanema amtunduwu. Amakonda munthu wosalakwa. Taonani nkhani ya Kalief Browder, mnyamata wa ku New York amene adagwidwa mu 2010 ali ndi zaka 16 pomuganizira kuti adaba chikwama. Adakhala zaka zitatu ku ndende ya Rikers Island osaweruzidwa, pafupifupi ziwiri mwa izo ali yekha, ndipo atatuluka adadzipha mu 2015. Kanema wa moyo wake adatuluka mu 2017, anthu adalira. Ndani sangalire? Koma woonera amachoka akuti, "kalanga, adatsekera munthu wolakwika", ngati kuti pali munthu woyenera kutsekeredwa choncho. Nanga chigawenga chenicheni, chija chidaphadi munthu ndipo sichikukana?

N'chifukwa chake ndimawapatsa ulemu mayi Kristi Jacobson. Iwowa adaloledwa kulowa ndi kamera ku ndende ya Red Onion ku Virginia, ndipo kanema wawo, Solitary, wa 2016, sabisa kuti ena mwa olankhulawo adachita zoopsa. Amaonetsanso asilikali a ndende, anthu a m'dera limene migodi ya malasha idatha ndipo ntchito imene idatsala ndi yomweyo, akugwira tsiku lonse m'phokoso la anthu omenya zitseko. Palibe woti umukonde mosavuta, koma funso limatsala lomwelo: munthuyu akadzatuluka, poti ambiri amatuluka, adzakhala wotani pakati pa anthu?

Malamulo a United Nations okhudza akaidi, amene adakonzedwanso mu 2015 n'kupatsidwa dzina la Nelson Mandela, sasiyanitsa wolakwa ndi wosalakwa. Amati kutsekera munthu maola 22 kapena kuposa pa tsiku popanda kucheza kwenikweni ndi anthu ndiko kumutsekera payekha, ndipo kupitirira masiku 15 otsatizana n'koletsedwa. Masiku 15, pamene a Wallace adakhala masiku pafupifupi 15,000. Chigawo cha New York chidaika malire omwewo m'lamulo lake mu 2021, ndipo mu 2016 Pulezidenti Barack Obama adaletsa kutsekera ana payekha m'ndende za boma lalikulu. Koma lipoti la mabungwe a Solitary Watch ndi Unlock the Box la 2023 lidapeza kuti pa tsiku limodzi mu 2019 anthu oposa 122,000 adali m'tizipinda totere m'dzikolo.

Tisaloze chala ku America ngati ife sitikuzidziwa. A Orton Chirwa adamwalira m'ndende ya Zomba pa 20 October 1992 atakhala nthawi yaitali payekha, nthawi zina ali m'matangadza. Akazi awo, mayi Vera Chirwa, adali m'ndende yomweyo koma padapita zaka zisanu ndi zitatu osaonana, mpaka pamene maloya a ku Britain adabwera milungu yochepa bamboyo asanamwalire. Kumeneko kudalibe lamya, kudalibe wojambula. Mayi Chirwa adatuluka mu January 1993, ndipo mu 2000 adasankhidwa kukhala woyendera ndende za mu Africa m'malo mwa bungwe loona za ufulu wa anthu la kontinenti ino.

Nyumba ya a Wallace ija, eni ake adamwalira isanamangidwe. Mayi Sumell pambuyo pake adayambitsa timinda totchedwa Solitary Gardens. Kamunda kalikonse ndi mafiti 6 ndi 9, ndipo pamene pakadakhala bedi, chimbudzi ndi sinki sadzalapo kanthu. Zodzala pa malo otsalawo amasankha ndi mkaidi amene ali payekha, polemba kalata, ndipo anthu a kunja amalima, kuthirira ndi kumutumizira zithunzi.