Alangizi Atatu, Munda Umodzi

Mlimi wa ku Chileka kapena ku Lirangwe sagawa munda wake monga momwe boma lidagawira nthambi zake. Chigwembe chimene chikudya mizere yake ndi nkhani ya a zaulimi, mitengo imene idatha kumtunda ndi ya a zankhalango, ndipo gulu limene lingagwire ntchito yokonza malowo limayang'aniridwa ndi a chitukuko cha m'midzi. Nthambi iliyonse ikabwera payokha, mfumu imamema anthu katatu pa vuto limodzi, mafuta a njinga zamoto amathanso katatu, ndipo nthawi zina uphungu umatsutsana.

Boma la Blantyre lidaonapo njira ina. Kuyambira 2007 mpaka 2012, ntchito ya COVAMS, yothandizidwa ndi bungwe la JICA la ku Japan, idachitika kwa T/A Kuntaja ndi kwa Kapeni. Alangizi a zankhalango, a zaulimi ndi a chitukuko cha m'midzi ankaphunzitsa alimi otsogola osankhidwa ndi anzawo, ndipo iwo ankaphunzitsa mudzi wonse kukonza akalozera, kutseka zigwembe ndi kudzala mitengo. Phindu lake n'losavuta kulimvetsa: akalozera amagwira madzi m'munda, choncho chigwembe chakumunsi chimaleka kukula, mbande zodzalidwa m'mbali mwake n'kugwira. Ntchito ya nthambi imodzi imateteza ya inzake. Gawo lachiwiri, la 2013 mpaka 2018, lidafikanso ku Balaka, Mwanza ndi Neno.

Nthaka yokokoloka kuno siithera kuno. Mitsinje ya Lunzu ndi Lirangwe imaitengera mu Shire, mtsinje umene umapukusa makina a magetsi ku Nkula ndi ku Tedzani.

Malo okumanirana alipo kale. Lamulo la maboma ang'ono la 1998 lidapereka kwa khonsolo udindo wokonza mapulani a chitukuko. Alangizi a nthambi zonse m'dera la mfumu yaikulu amakhala mu komiti ya AEC, imene imalangiza ADC, pomwe akuluakulu a nthambi amakumana mu DEC pansi pa bwanamkubwa. Chovuta n'chakuti komiti ikhoza kukhala m'kaundula osakumana, makamaka thandizo la mabungwe likatha.

Apa ndi pamene nzika zili ndi mphamvu. VDC ikamalemba pulani ya mudzi, ili ndi ufulu wopempha kuti alangizi onse okhudzidwa abwere tsiku limodzi, ndi kufunsa khansala ngati mjigo, dimba ndi nazale ya mitengo zimene mudzi wapempha zaikidwa malo oti zithandizane madzi.