MNYAMATA AKAGWA PA BWALO LA MPIRA

Nkhani yathu ya lero iri ya anyamata amene amenya mpira m'masukulu monga a Kabulonga, Munali ndi Libala muno m'Lusaka. Mpira ndiwo masewera abwino, koma makolo ndi aphunzitsi ayenera kudziwa ngozi zace. Anthu ambiri aopa kuthyoka kwa mwendo, cifukwa cioneka ndi maso. Koma pfupa limalumikizika. Zimene zikhoza kupha mnyamata ndizo ziwiri zobisika: mtima ndi mutu.

Tiyambe ndi mtima.  Tinena za 29 August 2007, tsiku limene Chaswe Nsofwa, amene anamenyerapo timu ya Zanaco ndi timu ya dziko lathu, anagwa pa bwalo ku Be'er Sheva m'dziko la Israel, namwalira ali ndi zaka 28. Mtima wace unaima. M'caka ca 2022 Enock Mwepu analeka mpira ku Brighton ali ndi zaka 24, pakuti madotolo anapeza kuti ali ndi nthenda ya mtima yobadwa nayo. Mmodzi anataya moyo, mnzace anapulumuka cifukwa anapimidwa. Nthenda zotere sizidikira kuti munthu akule; zikhala m'thupi la mwana wa sukulu wooneka wamphamvu.

Cifukwa cace, mwana akakomoka pothamanga, akamva kupweteka m'cifuwa, kapena ngati pa mtundu wanu wina anafa mwadzidzidzi akali wamng'ono, mumtengere ku cipatala, monga ca UTH, asanabwerere ku bwalo. Ndiponso mwana wotentha thupi asamenye mpira, makamaka pa dzuwa la mu October.

Nanga akagwa popanda womgunda, mudzatani? Ngati sayankha ndipo sapuma bwino, mtima waima. Kapena adzaphupha ngati wa khunyu, koma musanyengedwe. Musataye nthawi ndi kumthira madzi kapena kumuika supuni m'kamwa. Wina aitane ambulansi. Inu mumgoneke cagada, muike manja anu pakati pa cifuwa cace, ndi kukanikiza mwamphamvu, masentimita 5 kulowa pansi, nthawi 100 kufikira 120 pa miniti imodzi, osaleka. Bongo uyamba kuonongeka pakapita maminiti owerengeka okha wopanda mwazi. M'caka ca 2021 Christian Eriksen wa ku Denmark anagwa cotero ku Copenhagen, koma anathandizidwa pomwepo ndi manja ndi makina odzutsa mtima, ndipo anakhala ndi moyo.

Tsopano za mutu. Anyamata awiri akagundana mitu polumphira mpira, bongo ugwedezeka m'kati mwa cigaza. Mwazi sungaoneke kunja, ndipo mnyamata akhoza kudzuka ndi kunena kuti ali bwino. Mphunzitsi asamvere zimenezo. Ngati ali ndi cizungulire, kapena aiwala kumene ali, aturuke, ndipo asabwererenso tsiku limenelo, pakuti kugundidwa kaciwiri bongo usanacire kukhoza kuutupitsa ndi kupha. Inu amai ndi atate, mumyang'anire usiku umenewo. Akayamba kusanza, mutu ukakula kupweteka, kapena akabvuta kudzuka, thamangani naye ku cipatala. Ndipo ngati adandaula za khosi, kapena miyendo yace yacita dzanzi, musamnyamule ndi manja ndi miyendo monga acitira anzace. Agone pomwepo, mutu wace wogwiridwa, kufikira atabwera odziwa.

Inu a ku migodi mudziwa bwino zimenezi. Munthu salowa pansi wosapimidwa, ndipo pali anthu ophunzira cithandizo coyamba. Ana athu ayenera kusungidwa cimodzimodzi. Bungwe la Zambia Red Cross Society, limene likulu lace liri ku Longacres, liphunzitsa nchito imeneyi. Pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, funsani funso limodzi: kodi mwana akagwa pa bwalo Loweruka, ndani pa sukulu pano adziwa cocita? Ngati palibe, pemphani kuti aphunzitsi awiri atumizidwe kukaphunzira. Pakuti pa nthawi yotere dotolo ali kutali, ndipo moyo wa mwana uli m'manja mwa iwo amene aima pafupi.