NKHOKWE YA CHAKUDYA CHA ZIŴETO IKATSEKEKA MUSALOŴEMO

Alimi a ku Mulanje amene mumaŵeta ng'ombe zamkaka, nkhumba ndi nkhuku, pamodzi ndi inu osamala makola m'maesiteti, nkhani iyi ndi yanu. Pamafamu ena chakudya cha ziŵeto chimasungidwa m'nkhokwe yachitsulo yaitali, yosongoka kunsi ngati fanelo, yokhala ndi kakhomo kotulutsira chakudya. Tsiku lina m'maŵa mutsegula kakhomoko koma osatuluka kanthu, chonsecho mukudziŵa kuti chakudya chilimo. Ng'ombe zikulira, nthaŵi yokama yakwana. Apa m'pamene munthu amaganiza zokwera pamwamba, kuloŵamo ndi kukaponda ndi mapazi. Musatero ayi, pakuti anthu amafa motero.

CHIMENE CHIMATSEKA NKHOKWE

Mdani wamkulu ndi chinyezi. Boma lathu lino limalandira mvula yambiri, ndipo madera olimidwa tiyi m'mphepete mwa phiri, monga ku Mimosa ndi ku Lujeri, amapitirira mamilimita 1,500 pachaka. Dzinja likatha kumabweranso chiperoni kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Chitsulo chimatentha masana ndi kuzizira usiku, choncho m'kati mwa nkhokwe mumachita thukuta.

Kumbukiraninso kuti pokonola chimanga kuchigayo amachithira madzi, kotero madeya amafika pakhomo ali onyoŵa. Madeya otere akatsanulidwa m'nkhokwe amatentha, amachita chuku ndi kugwirana kukhala zibuma.

Nthaŵi zina chakudyacho chimagwirana kuchokera mbali ina kufika mbali inzake ngati denga. Cham'munsi chikatuluka, pansi pa dengalo pamatsala phanga. Nthaŵi zina chimamatirira m'mbali ngati khoma, pakati n'kutsala una. Ngati mwakhala mukutapa chakudya masiku angapo koma poyang'ana pamwamba pali pathyathyathya, popanda kadzenje pakati, dziŵani kuti pansipo pali phanga.

Munthu akaponda pamenepo denga lija limagumuka, iye n'kugwera m'phanga, chakudya n'kum'kwirira mphindi imodzi isanathe. Ku America, sukulu ya ukachenjede ya Purdue imaŵerenga ngozi zotere chaka ndi chaka, ndipo zambiri zimachitika pamene munthu waloŵa kukaswa mbeu zoonongeka zimene zagwirana.

KATSEGULIDWE KAKE

1. Musagwire ntchitoyi muli nokha. Itanani mnzanu.

2. Ngati nkhokwe ili ndi makina otulutsira chakudya, azimitseni, ndipo pozimitsirapo mukhomepo loko. Kiyi akhale m'thumba mwanu kuti wina asayatse mosadziŵa.

3. Yalani masaka kapena lona pansi pa kakhomo. Mangani kansalu kukamwa ndi kumphuno chifukwa fumbi la chuku limadwalitsa chifuwa.

4. Tengani musi kapena chipika ndi kugogoda kunja kwa nkhokwe, kuyambira pafupi ndi kakhomo kumakwera pang'onopang'ono, mozungulira mbali zonse. Hamala yachitsulo imapindika malata, ndipo popindikapo m'pamene chakudya chidzakakamirenso maŵa.

5. Zikakanika, loŵetsani nsungwi yaitali pakakhomo ndi kumatokosa. Imani pambali, osati pansi pa kakhomo. Dzanja musaloŵetsemo, chifukwa chakudya chikagumuka chimatsika ndi kulemera kwake konse.

6. Zikakanikabe, tsekani kakhomo. Kwerani pamakwerero akunja, dzimangeni chingwe m'chiuno ku chitsulo cholimba, ndipo tokosani ndi nsungwi kudzera pachivundikiro mapazi anu ali kunja. Mnzanu aime pansi akukuonani.

7. Poŵalitsa m'kati gwiritsani ntchito tochi. Nyali ya koloboyi, machesi ndi fodya zikhale kutali, pakuti fumbi la chakudya limayaka. Madzinso musathiremo: amangoonjezera kugwirana.

Mukayesa zonsezi osatheka, kauzeni kapitao kapena mwini famu, ndipo ziŵeto zidyeko udzu ndi chakudya cha m'matumba tsiku limenelo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. M'nkhokwe muloŵe pokhapokha chakudya chitatha ndipo m'mbali mwayoyoledwa ndi nsungwi muli kunja, mutamangidwa chingwe, anthu aŵiri akukudikirani.

Ngati wina wakwiririka, zimitsani makina, tsekani kakhomo ndi kuitana anthu msanga. Musam'koke ndi mphamvu chifukwa mungam'thyole msana. M'tchingireni ndi matabwa kapena malata mom'zungulira, ndipo muzitapa chakudya cha m'kati mwa mpandawo kufikira atamasuka. Mukam'tulutsa pitani naye kuchipatala ngakhale akuoneka ngati ali bwino.

CHAKUDYA CHOGUMUKACHO

Ntchito siithera pa kutsegula. Chakudya chimene chatuluka chiyang'aneni bwino. Zibuma zonse zobiriŵira, zakuda, zotentha kapena zonunkha chuku zikwirireni m'dzenje lakuya. Musapatse nkhumba kapena nkhuku poganiza kuti izo zimadya chilichonse, ndipo musagulitse kwa anzanu.

Chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu anadziŵika m'chaka cha 1960 pamene nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chosakaniza ndi mtedza wachuku wochokera ku Brazil. M'chaka cha 2004 anthu 125 anafa ku Kenya atadya chimanga chachuku. Poizoniyu amaononga chiŵindi. Nkhuku zimachepetsa mazira, nkhumba zimapinimbira, ndipo ng'ombe ikadya, wina amatulukira mumkaka. Kuŵiritsa mkaka sikum'chotsa. Mkaka umenewo ndi womwe ana anu amamwa, ndiponso womwe mumapereka kugulu logulitsira mkaka.

KUPEŴA

Yanikani madeya padzuŵa mpaka aume. Finyani m'manja: akagwirana, sanaume, akayoyoka, ali bwino. M'nyengo ya mvula ndi ya chiperoni musadzaze nkhokwe. Ikanimo chakudya chotha pa milungu iŵiri. Chakudya chatsopano musachithire pamwamba pa chakale. Dikirani chithe, sesani, kenaka dzazaninso. Chotsani zingwe ndi zidutswa za masaka potsanula, chifukwa nazo zimatseka kakhomo. Mvula isanayambe, yang'anani chivundikiro ndi molumikizira malata, ndipo matani modontha monse.

Inu osunga madeya m'migolo ndi m'matumba, malangizo a chinyezi ndi chuku akukhudzaninso. Matumba akhale pathandala, osagunda khoma, ndipo mgolo ukhale wovundikira.

Chakudya cha tsiku limodzi chikatayika mudzagula china, koma munthu wokwiririka sabwerera. Ŵerengerani nkhaniyi onse ogwira ntchito kukhola, makamaka anyamata amene amatumidwa kukwera pamwamba. Pamene simunamvetse, funsani mlangizi wa ziŵeto wa m'dera lanu.