Tsiku limene wapolisi ndi mbava adamwera limodzi khofi

Amene mudakulira m'tauni ngati ine mukukumbukira bwino timanyumba ta vidiyo tija ta m'misika, ta mabenchi a matabwa ndi nsalu yakuda pakhomo. Lamulo la m'menemo lidali limodzi basi: filimu yabwino ndi ija imene mfuti zalira mphindi zisanu zisadathe. Anthu awiri akangokhala pansi n'kuyamba kukambirana, mumamva anyamata akukuwa kuti, "Ithamangitseni pamenepo, talipira ndalama zathu ife!" Tidali ana a Rambo, Chuck Norris ndi Van Damme, ndipo zokamba zambiri tinkaziyesa kutibera.

M'kanyumba kotero ndi m'mene ndidaonera koyamba filimu yotchedwa Heat. Ndisakunamizeni, chapakati ndidagona. Ndidadzidzimuka mfuti zitayamba kulira kutsogolo kwa banki, ndipo potuluka ndidauza anzanga kuti filimuyo njabwino koma idatalika dala. Posachedwapa ndidaionanso ndili phee, ndipo ndidachita manyazi. Zimene ndidagonera zija ndiye zidali filimu yeniyeniyo.

Heat idatuluka m'chaka cha 1995. Adailemba ndi kuitsogolera ndi Michael Mann, ndipo imatenga pafupifupi maola atatu. Nkhani yonse ikuchitikira mumzinda wa Los Angeles ku America. Al Pacino ndi Vincent Hanna, mkulu wa apolisi ofufuza milandu ya umbava ndi kupha. Robert De Niro ndi Neil McCauley, mtsogoleri wa kagulu ka mbava zimene kuba zidakutenga ngati ntchito ya muofesi. Akatakwe awiriwa adali ataonekapo kale mu The Godfather Part II ya 1974, koma m'menemo sadakumane ngakhale kamodzi chifukwa ankasewera anthu a nyengo zosiyana. Mu Heat ndi momwe dziko lidawaona koyamba atakhala maso ndi maso.

Chimene ambiri sadziwa n'choti nkhaniyi ili ndi mizu m'zochitika zenizeni. Neil McCauley adalikodi, mbava yomwe idakhalapo m'ndende ya Alcatraz. Wapolisi wina wa ku Chicago, Chuck Adamson, yemwe ankamusaka, tsiku lina adakhala naye pansi n'kumwa naye khofi. M'chaka cha 1964 apolisi, Adamson ali pomwepo, adamuwombera McCauley n'kumupha atangoba m'sitolo. Adamson ndiye adamufotokozera Mann nkhaniyi. Mann adayamba waiyesa pa wailesi ya kanema mu 1989 m'filimu yotchedwa L.A. Takedown, koma mtima sudakhale pansi mpaka adaipanganso mokwanira patapita zaka zisanu ndi chimodzi.

Tsono tiyeni tipite pa tebulo la khofi lija, pamene anzanga a m'vidiyo ankafuna kuti pathamangitsidwe. Hanna adaimitsa galimoto ya McCauley usiku pamsewu waukulu. M'malo motulutsa unyolo adamuitana kuti akamwe khofi. Mbava idavomera. Adakhala moyang'anana m'lesitilanti, wina osakwezera mnzake mawu. Wapolisi adaulula kuti ali pa banja lachitatu ndipo nalonso likugwedezeka, chifukwa moyo wake wonse umathera pothamangitsa anthu ngati McCauley. Mbava nayo idatchula lamulo limene imayendera: munthu usamadziphatike ku chinthu chilichonse chimene sungathe kuchisiya m'masekondi 30 ukangomva kuti apolisi ali pakona. Kutentha kumene dzina la filimuli likunena ndi kumeneko, mpweya wa apolisi pakhosi pa mbava. Pomaliza aliyense adauza mnzake mwaulemu kuti akadzakumana pa ntchito sadzazengereza kumuwombera. Onse awiri adavomerezana kuti palibe china chimene amadziwa kuchita, ndiponso palibe china chimene amafuna kuchita.

Abale anga, apa ndi pamene pagona nkhani. Heat ikutifunsa funso limene wageni aliyense ndi mwana wasukulu aliyense adzakumana nalo: kodi ukafuna kukhala katswiri pa chimene umachita, umalipira chiyani, ndipo amakulipirira ndani?

Taonani nyumba ya McCauley. Ili m'mbali mwa nyanja, ya ndalama zambiri, koma m'kati muli mbee. Mipando njowerengeka, pakhoma palibe chithunzi. Munthu wa mamiliyoni akukhala ngati mlendo wodikira basi ya m'mawa. Taonaninso kwa Hanna. Mkazi wake Justine amaphika, chakudya n'kuzizira, mwamuna ali pa mtembo wa munthu wina kutsidya la mzinda. Mwana wopeza, Lauren, yemwe adasewera ndi Natalie Portman akadali kamtsikana, akusweka mumtima pang'onopang'ono chifukwa bambo wake womubala samabwera kudzamuona, ndipo m'nyumbamo palibe amene akuona kukula kwa vutolo. Mwanayo atayesa kudzipha, Hanna ndiye adamupeza n'kuthamangira naye kuchipatala. Koma atangomva kuti mwanayo achira, kamakina ka mauthenga ka m'chiuno mwake kadalira, ndipo bamboyo adatsika masitepe a chipatala akuthamanga ngati mwana wotuluka m'kalasi. Mmodzi ali kumbali ya lamulo, wina ali kunja kwa lamulo, koma matenda awo ndi amodzi.

Inu amene mumatuluka m'nyumba ana akadali mtulo kukatsegula benchi, n'kubwerera ana atagona kale, simukufunika womasulira pamenepa. Mumanena kuti mukuvutikira iwowo, ndipo n'zoona. Komanso tivomereze kuti ena a ife geni idatilowa m'magazi moti ngakhale ndalama zitakwana sitingakhale pakhomo. M'gulu la McCauley muli Michael Cheritto, yemwe adasewera ndi malemu Tom Sizemore. Bwana wake adamuuza poyera kuti iye ali ndi ndalama zosunga ndi banja, angathe kuisiya ntchito yomaliza ya banki ija. Cheritto adakana, nati kwa iye chokoma ndi kuthamanga kwa magazi kwa pa ntchitopo. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Adafera pamsewu atanyamula kamwana ka eni ake ngati chishango.

Chinthu chachiwiri chimene amalonda angatolemo ndi nkhani ya Waingro. Filimu ikuyamba ndi chiwembu cha galimoto yonyamula chuma. Chilichonse chidawerengedwa: nthawi imene apolisi angafikire, msewu wothawira, ambulansi yobedwa yoti athawiremo. Adatenga mapepala a chuma okwana madola 1.6 miliyoni, ndipo akadachoka popanda kukhetsa magazi. Koma pa ntchitoyo adalembapo munthu wachilendo, Waingro, amene sadali kumudziwa bwino. Iyeyu adawombera mlonda popanda chifukwa, ndipo mapeto ake alonda atatu adaphedwa. Mlandu wakuba udasanduka wakupha, ndipo ndi pomwe Hanna adalowerera. McCauley adayesa kumupha Waingro usiku womwewo, koma galimoto ya apolisi idadutsa, maso adacheuka kamphindi, munthu uja n'kuzemba. Kuyambira apo tsoka lililonse la gululi likuchokera kwa iyeyo. Ndiye adakagwirizana ndi mwini mapepala aja, Roger Van Zant, ndipo kudzera mwa iwowa apolisi adatsinidwa khutu za banki. Akuluakulu adati nsomba ikawola imodzi zonse zawola. Amene mudayikapo mlamu wa mnzanu pa kauntala chifukwa choti padasowa munthu tsiku limenelo mukudziwa chimene ndikunena.

Koma munthu amene amandikhudza kwambiri m'filimuyi si Pacino kapena De Niro. Ndi Donald Breedan, yemwe adasewera ndi Dennis Haysbert, ndipo amaoneka mphindi zochepa chabe. Breedan wangotuluka kundende ndipo watsimikiza kusintha. Mkazi wake Lillian akumulimbikitsa. Adapeza ntchito yowotcha nyama m'kalesitilanti, koma tsiku loyamba lomwe bwana adamuuza kuti azikolopanso zimbudzi, kutsuka mbale ndi kutaya zinyalala, ndiponso kuti gawo limodzi mwa magawo anayi a malipiro ake lizibwerera m'thumba mwa bwanayo. Akadandaula, bwana akamunenera zabodza kwa akuluakulu oyang'anira omasulidwa, abwerere kundende. Breedan adameza malovu n'kugwira ntchito. Tsiku la banki, dalaivala wa gulu atalephera kubwera, McCauley adamuona ali pa chitofu, namuzindikira kuti adali limodzi kundende ya Folsom. Adamufunsa ngati angayendetse galimoto, ndipo yankho lidafunika pomwepo. Breedan adayang'ana chitofu chija, navula epuloni, namukankhira pansi bwana uja, n'kutuluka. Tsiku lomwelo adafera pa chiwongolero, ndipo Lillian adazimvera pa kanema.

Ndikamuona Breedan ndimaona anyamata ambiri amene ndidakula nawo, amene adayesa njira yoongoka n'kupeza kuti pa njirayo pakhala munthu wotolera msonkho wake. Mann sakunena kuti Breedan adachita bwino. Akungotionetsa kuti bwana wa lesitilanti uja nayenso ndi mbava, kungoti iye alibe mfuti ndipo palibe Hanna amene akumusaka.

Tsono za mfuti zija, poti ndikudziwa kuti ena mwadikira zimenezo. Nkhondo ya kutsogolo kwa banki, pamene gululi likutuluka ndi zikwama za madola oposa 12 miliyoni, mpaka lero anthu amaitchula ngati imodzi mwa zojambulidwa bwino koposa. Idajambulidwa m'misewu yeniyeni ya pakati pa Los Angeles. Osewerawo adaphunzitsidwa kugwira mfuti ndi akatswiri, mmodzi mwa iwo Andy McNab yemwe adali msilikali wa gulu la SAS la ku Britain. Phokoso limene mumamva ndi limene lidajambulidwa pamalo pomwepo, likugunda nyumba zitalizitali n'kubwerera. Nkhondoyo ikayamba nyimbo imaleka, kumangotsala kulira kwa mfuti, magalasi osweka ndi anthu akukuwa. Muonetsetse malemu Val Kilmer, yemwe ndi Chris Shiherlis: akutuluka m'banki akumwetulira, waona apolisi kutsidya kwa msewu, ndipo nkhope isadasinthe n'komwe wayamba kale kuwombera.

Alipo amene amati mafilimu otere amaphunzitsa ana umbava, ndipo sindingawatsutse kotheratu. M'mwezi wa February 1997 amuna awiri okhala ndi mfuti zikuluzikulu adathyola banki ku North Hollywood, mumzinda womwewo, n'kuwomberana ndi apolisi pamsewu mpaka onse awiri adafa, ndipo anthu ambiri adafanizira zimenezo ndi Heat. N'zoonanso kuti De Niro mu suti yake yotuwa amaoneka bwino moti mnyamata angasirire. Koma amene adatengera umbava m'filimuyi ndiye kuti adagona pamalo pomwe ndidagona ine. Tawerengani: Cheritto wafa, Breedan wafa, Trejo wafa pamodzi ndi mkazi wake, wapolisi Bosko wafa. Chris yekha ndiye adapulumuka, ndipo adapulumuka chifukwa mkazi wake Charlene, apolisi atamuika pakhonde ngati nyambo, adamupatsa chizindikiro ndi dzanja kuti asayandikire. Adabwerera m'galimoto n'kusiya mkazi ndi mwana. Ngati kumeneko n'kupambana, ine ayi.

Amene simudaionere mundikhululukire, ndiulula mathero, poti filimu ya 1995 si chinsinsi. McCauley adali atapambana. Ndalama ali nazo, ndege yomutulutsa m'dzikomo yakonzedwa, ndipo pambali pake pali Eady, mkazi amene adamuchititsa kuyamba kukayikira lamulo lake lija. Ali pa ulendo wa ku bwalo la ndege adauzidwa pa foni hotela imene Waingro wabisala. Adayankha kuti alibe nazo ntchito. Kamera idakhala pankhope pake galimoto ikudutsa m'ngalande yowala, iye osayankhula kanthu, ndipo mumachita kuona munthu akulimbana ndi mtima wake. Kenaka adakhotetsa chiwongolero. Munthu amene ankadzitama kuti angasiye chilichonse m'masekondi 30 adalephera kusiya chinthu chimodzi, mkwiyo. Waingro adamuphadi. Koma potuluka adaona Hanna akubwera m'khamu la anthu, ndipo apo lamulo lija lidagwira ntchito pa munthu wolakwika: adamuyang'ana Eady ali m'galimoto, n'kutembenuka, n'kuthawa.

Adathamangitsana m'thengo la m'mbali mwa bwalo la ndege. Magetsi olandirira ndege atayaka, chithunzithunzi cha McCauley chidagwa pansi, Hanna adachiona n'kuyamba ndiye kuwombera. Mbava ili kufa idatambasula dzanja, wapolisi adaligwira. Palibe kuwomba m'manja, palibe mendulo. Hanna waima yekha mumdima, wapha munthu yekhayo amene ankamumvetsa, ndipo kunyumba kulibe womudikira.

Heat sidapatsidwe mwayi ngakhale umodzi wopikisana nawo pa mphotho za Oscar, koma anthu akuionerabe, ndipo mu 2022 Mann pamodzi ndi Meg Gardiner adatulutsa buku lopitiriza nkhaniyi lotchedwa Heat 2. Mukaipeza, musaionere m'phokoso. Dikirani tsiku limene mwatseka msanga, kapena mayeso atatha, mukhale pansi maola atatuwo osathamangitsa paliponse. Ikatha mudzifunse kuti pa zimene mukuthamangira m'tauni muno, ndani amene mwamusiya m'galimoto akudikira.