Kuphunzitsa Buku la Maliro ku Chidzolomondo

Kwathu mwana sasendera pafupi ndi mtembo. Amayi akamalira pasiwa, adzukulu ali kalikiliki kumanda, iye amauzidwa kuti akasewere kutali. Choncho mphunzitsi wa ku Chidzolomondo, m'boma la Macanga ku Mozambique, akatsegula buku lokamba za imfa pamaso pa achinyamata, wagwira nkhani imene iwo akhala akuionera patali koma sanapatsidwepo mpata woikamba.

Buku loyambira lilipo kale m'Chipwitikizi: Terra Sonâmbula la Mia Couto, lomwe linatuluka mu 1992, chaka chimene nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inatha. Mnyamata Muidinga ndi nkhalamba Tuahir akubisala m'basi yopsa, momwe muli mitembo. Chapafupi apeza munthu wina wakufa ndi sutikesi yake, ndipo m'katimo muli makope a Kindzu. Usiku mnyamata uja amawerengera nkhalambayo makopewo, wakufa n'kumayankhula kudzera pakamwa pa mwana. Ana a ku Macanga ndi ku Tsangano sangadabwe nazo, pakuti agogo awo ambiri anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ena n'kusiya abale m'tchire osawaika n'komwe.

Apa m'pamene mphunzitsi ayenera kuchedwa. Mitembo ya m'basi ija inalibe adzukulu, inalibe siwa, panalibe womwetsa ana mankhwala kapena wometa tsitsi, ndipo mowa wa bona sunafululidwe. Kwa Mchewa, mzimu wosaperekezedwa sugona. Mwana wodziwa zimenezi amva msanga chifukwa chake mzimu wa Taímo, bambo a Kindzu, ukulondola mwana wake kulikonse. Safunika kulembera manotsi ambiri ayi.

Kenaka apite nawo ku Mexico. Kumeneko pa 1 ndi 2 Novembala mabanja amakonza guwa m'nyumba, n'kuikapo zithunzi za malemu, makandulo, maluwa achikasu a cempasúchil ndi chakudya chimene malemuwo ankakonda, kuti mizimu ibwere idzacheze. Mwambowu, Día de Muertos, unalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2008, chaka chimodzi ndi Gule Wamkulu wa ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. Ana akaona zigoba za mitu zopangidwa ndi shuga amaseka, koma muwafunse za ufa wa nsembe patsinde pa mtengo, kusekako kumatha.

Pali malire ake. M'kalasi muli ometa ndi osameta, ndipo za kudambwe sizikambidwa pabolodi. Kasiyamaliro wa Gule Wamkulu atchulidwe monga amaonekera pabwalo, basi. Mulinso ana amene anaika mayi awo chaka chathachi. Oterowo musawaloze chala kuti afotokoze. Apatseni kope alembe okha, m'Chinyanja kapena m'Chipwitikizi, ndipo akakana kuwerenga pagulu, alekeni.